Kudzimbidwa kwa Aphunzitsi

"Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi, mayi. Lachisanu ndi chimodzi! Munthu wamoyo amatha sabata osapita kuchimbudzi? Mukuwadyetsa chiyani bambo anga, simenti?"

Kalaliki ankalankhula zimenezi ataima pagalasi, akukonza kolala ya malaya ake. Mkazi wake, Telala, anali atakhala pakhomo la khitchini akusenda papaya. Sanadzutse mutu.

"Simenti ndingaipeze kuti ine? Zomwe mumadya inu ndi zomwe amadya iwo. Inu bwanji simudzimbidwa?"

"Ine ndimayenda. Iwo ndi munthu wogona. Wodwala amafuna nzeru pomuphikira, osati kungomuunjikira mpunga ngati ukudyetsa aganyu."

"Mpungawo amauitanitsa okha. Mpunga woyera ndi buledi wouma, basi. Masamba akuti akuwawa, nyemba akuti zimawatupitsa, madzi akuti alibe ludzu."

"Ndiye inu mumangomvera? Mwana akalirira mpeni mumampatsa?"

"Lowani mukawauze nokha kuti ndi mwana. Chitseko ndi icho."

Kalaliki anachiyang'ana chitsekocho ngati kuseri kwake kuli galu wolusa.

"Ndachedwa kuntchito," anatero. "Koma ndikabwera madzulo ndimve kuti zatheka. Walira mvula walira matope, mayi. Munalowa m'banja muno mukudziwa kuti ndili ndi bambo."

"Ndinkadziwa kuti muli ndi bambo. Sindinkadziwa kuti mulibe manja."

Mawu amenewo anangogwera pamsana, chifukwa mwini wake anali atatuluka kale.

Panali patatha masabata atatu chibwerereni Aphunzitsi, bambo ake a Kalaliki, kuchokera kuchipatala. Sitiroko inawapha mkono ndi mwendo wakumanzere, koma mutu unali bwinobwino, ndipo mawu ankatuluka ngakhale mokoka. Anawagoneka m'chipinda chomwe Telala ankasokeramo, makina osokera n'kuwatulutsira pakhonde. Kuyambira pamenepo Telala ndiye anali wowadyetsa, wowatembenuza, wowasambitsa, wowakhazika pandowa, komanso wokataya za m'ndowamo. Kalaliki ankawakonda bambo ake, pamenepo tisamunamizire. Kungoti chikondi chake chinali ndi malire, ndipo malirewo anali felemu ya chitseko. M'mawa uliwonse ankasuzumira n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" kenako n'kumapita mtima uli m'malo ngati wagwira ntchito yaikulu.

Telala analowa ndi mbale ya papaya. Aphunzitsi anali atapenya kukhoma.

"Bambo, ndakudulirani lakupsa bwino. Amati limafewetsa m'mimba."

"Zikomo, mwana wanga. Sindikumva njala."

"Ngakhale kachidutswa kamodzi."

"Mwina masana."

Powakonzera nsalu yofunda, dzanja lake linakhudza pamimba pawo. Panali gwa, ngati wagwira dzungu losapsa. Anatuluka ali ndi mantha omwe analibe womuuza.

Masana a tsikulo kunabwera Achemwali, mwana woyamba wa Aphunzitsi, omwe ankagulitsa mapoto ndi mbale kumsika. Achemwali akamabwera kudzaona matenda ankabwera ndi pakamwa pokha, manja ankawasiya kumsika kuti aziyang'anira katundu. Koma tsikuli anali atanyamula botolo la madzi akuda bii, lotsekedwa ndi kapepala.

"Alamu, ndamva kuti mwawamanga bambo anga m'mimba."

"Takulandirani, alamu. Mwaswera bwanji?"

"Ndingaswere bwanji bambo anga akutupa ngati chule? Tengani supuni. Awa ndawapeza kwa bambo uja amalengeza pachimkuzamawu kudepoti. Amatsuka m'mimba ngati akutsuka paipi. Aneba anga anamwa theka la kapu, anathamanga tsiku lonse."

"Aneba anuwo ali ndi miyendo iwiri yothamangira. Awa athamanga ndi chiyani?"

"Ndiye inu muli pano kudzatani? Si mungochapa?"

Telala ananunkhiza botololo, misozi n'kulengeza chifukwa cha kuyabwa kwake.

"Muli chiyani m'menemu?"

"Ndine ndinaphika? Mankhwala safunsidwa dzina."

"Safunsa anadya phula, alamu. Munthu wofooka chonchi, mtima wake sukuyenda bwino, tingomuthira zinthu zomwe sitikuzidziwa? Akakomoka, wa chimkuzamawuyo tikampeza kuti?"

Achemwali anaomba m'manja kamodzi, n'kugwira m'chiuno.

"Eee! Ndiye tizingoyang'ana? Kapena ndi zomwe mukufunazo, kuti chipinda chanu chosokera chibwerere msanga? Magazi ndi magazi, alamu. Akanakhala bambo anu okubalani bwenzi mutathamanga kalekale."

Mawuwo anamulasa Telala mpaka m'mafupa, koma botolo sanalilole kulowa m'chipinda. Anapempha kuti ampatse tsiku limodzi akafunse kaye kuchipatala. Achemwali ananyamula botolo lawo akunena kuti abwera nalonso Lachisanu, ndipo tsikulo sadzapempha chilolezo kwa munthu wobwera.

M'mawa mwake Telala anakaima pamzere pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Namwino anali mayi wojintcha, wotopa, koma womvetsera.

"Akusanza?"

"Ayi."

"Mpweya ukutuluka?"

Telala anayang'ana pansi. "Ndi apongozi anga, anamwino."

"M'mimba mulibe chipongozi, mayi. Ukutuluka kapena ayi?"

"Ndimamva nthawi zina."

"Chabwino, ndiye njira sinatsekeke. Amamwa madzi ochuluka bwanji?"

"Ochepa. Amangonyowetsa milomo."

"Vuto layambira pamenepo. Munthu wogona matumbo ake amagonanso. Muwapatse madzi, makapu asanu ndi atatu patsiku, yoyamba yofunda m'mawa asanadye kanthu. Papaya, malalanje ndi zamkati zake zomwe, mapeyala, masamba, nyemba zofewa. Buledi woyera ndi mpunga muchepetse. Koma mumve bwino: zipatso popanda madzi zimangokaunjikana, mukhala ngati mukuthira udzu m'paipi youma. Akadya m'mawa muziwakhazika pandowa kwa kanthawi, ngakhale asakumva kanthu. Muziwasisita pamimba mozungulira, kuyambira kumanja. Ndipo awa ndi mankhwala ofewetsa, supuni ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo. Za m'mabotolo a kudepoti musayerekeze."

"Nanga zikapanda kutheka?"

"Pakatha masiku atatu mubwere nawo. Akayamba kusanza, kapena mpweya ukasiya kutuluka, musadikire kuti kuche kapena kuti abambo akunyumba abwere. Mupeze galimoto nthawi yomweyo." Namwino anamuyang'ana m'maso. "Mumathandizana ndi ndani kunyumbako?"

"Ndi Mulungu."

"Ameneyo sanyamula ndowa," anatero namwino, n'kuitana wodwala wotsatira.

Telala anafika kunyumba ndi mphamvu zatsopano. Anawafotokozera Aphunzitsi zonse, n'kuwauza kuti akapitiriza kukana, Lachisanu akagonekedwanso kuchipatala. Chodabwitsa, sanatsutse.

"Ndamva, mwana wanga. Muzingoika apa pampando, ndizidya pang'onopang'ono. Munthu akamandiyang'ana ndimatsamwa. Mankhwalawonso muzithira m'kapu, ndizimwa ndekha. Inu pitani mukasoke, makasitomala angakuthaweni."

Pofuna kuti asasokoneze chiwerengero, Telala anaika kambale pamakina ake. Kapu ikabwera yopanda kanthu, ankaponyamo batani limodzi. Lachitatu mabatani anakwana asanu ndi atatu. Lachinayi chimodzimodzi. Mbale zinkabwera zoyera ngati zanyambitidwa ndi mphaka. M'mawa ankawakhazika pandowa monga ananenera namwino, iwo ali tsinzini, nsagwada zili gwa, mpaka atanena kuti, "Palibe, ndibwezereni." Kusisita pamimba ndiye anakaniratu.

Kalaliki akabwera madzulo funso linali limodzi.

"Zatheka?"

"Ayi."

"Ndiye namwino wanuyo ndi wa chiyani? Mwina achemwali akunena zoona."

Tulo tinamuthawa Telala, njala nayo inatha. Ankasoka maso ali pansalu, makutu ali kuchipinda, kudikira phokoso la kusanza. Lachinayi analumikiza mkono wa diresi la mwini wake chadodolido, n'kuusomola, n'kuulumikizanso molakwika momwemo. Chomwe chinkamusautsa kwambiri chinali botolo lomwe Aphunzitsi ankakodzeramo. Munthu womwa makapu asanu ndi atatu angatulutse timadzi tochepa chonchi, tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka? Milomo yawo inali itang'ambika, maso atalowa m'kati. Madzi onsewo ankapita kuti? Anayamba kuganiza kuti mwina m'kati mwaphulika china chake, madziwo akungodzaza m'mimba. Ganizo limenelo likamufikira, mapazi ankaima pachopondera cha makina.

Lachisanu masana, akusesa m'chipindamo, anaona mzere wa nyerere. Unkachokera pawindo, kutsika ndi khoma, n'kulowa kunsi kwa bedi. Anagwada n'kusuzumira. Kumutu kwa bedi, mbali ya dzanja lamoyo, kunali jombo ziwiri zomwe Aphunzitsi ankavala kudimba asanadwale. Anakoka imodzi. Inali yolemera, ndipo zina za m'katimo zinakhavukira pansi.

M'jombomo munali modzaza madzi. Pamwamba pake pankayandama zidutswa za papaya, masamba, nyemba zotupa, ndi mafuta a mankhwala aja. Inzake inalinso chimodzimodzi. Atasuzumira pawindo, anaona kuti dothi la m'munsi mwake ndi lonyowa, kunja kuli dzuwa la masabata awiri.

Anakhala pansi pomwepo, tsache lili m'manja.

"Bambo."

Aphunzitsi sanatembenuke.

"Bambo, ndakulakwirani chiyani? Ine kusagona, kuwerenga mabatani ngati wamisala, alamu kunditukwana kuti ndikukuphani, inu mukumwetsa jombo?"

Kenako mawu anabwera, okoka, olunjika kukhoma.

"Chosalowa sichituluka, mwana wanga."

"Mukuti chiyani?"

"Mukukumbukira Lachiwiri lija? Tsiku lomwe ndinalephera kudzigwira?"

Telala ankalikumbukira bwino. Linali tsiku lomaliza Aphunzitsi kuchita chimbudzi, ndipo anachitira pabedi, m'mawa, ndowa isanafike.

"Khoma ili ndi lopyapyala," anapitiriza. "Ndinamva mukumuitana mwamuna wanu kuti adzakuthandizeni kundinyamula. Ndinamva yankho lake. Anati, 'Zimenezo si za amuna.' Munandinyamula nokha. Munandivula, munandipukuta ngati khanda. Simunanene kanthu koipa. Koma mutatuluka ndinakumvani kuseri kwa nyumba mukusanza."

"Kusanza si kudana nanu, bambo. Mphuno ilibe ulemu, basi."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake zinandipweteka. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndaima kutsogolo kwa ana a anthu, batani lililonse lotseka. Tsiku lomwe anakubweretsani kudzakuonetsani kwa ine munagwada patali, osandiyang'ana kumaso. Lero inu nomwe muzindikweza mwendo? Munabadwa kwa eni ake inu, anakulerani kuti mudzaone zimenezi? Ndinalumbira kuti sizidzachitikanso. Poyamba ndinkangodzigwira. Kenako ndinaona kuti kudzigwira n'kovuta ngati m'mimba mukulowa zinthu."

"Ndiye mufe?"

"Sindinaganize zofa. Ndinangoganiza za mawa, kuti mawa lokha lidutse. Likadutsa, ndimaganizanso za mawa linalo."

Telala anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yake.

"Imwani kapu imodzi pano, ine ndikuona."

"Ayi."

"Ndiye tikupita kuchipatala."

"Kumenekonso ndi ana aakazi a eni ake. Ndipo wodikirira pabedi mudzakhala inu nomwe." Anatembenuza mutu, n'kumuyang'ana koyamba. "Musamuuze mwamuna wanu. Achita manyazi."

"Manyazi ake ndi moyo wanu, cholemera n'chiti? Mukafera m'manja mwanga, dziko lonse lidzati mpongozi anawamana madzi. Pepani bambo, lero sindikumverani."

Kalaliki anafika dzuwa likupendeka, ndipo sanabwere yekha. Anakumana ndi Achemwali panjira, botolo lakuda lili m'chikwama. Analowa akugwirizana kale kuti zachizungu zalephera. Pabalaza anapeza tebulo loyalidwa nsalu bwinobwino, pakati pake pali jombo ziwiri.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Kalaliki, akubwerera m'mbuyo. "Mwapenga, mayi? Nsapato patebulo?"

"Suzumiranimo. Ndi chakudya cha bambo anu cha masiku atatu. Madzi, zipatso, mankhwala, zonse zili m'menemo. Zina zili kunja kwa windo."

Achemwali anasuzumira, n'kugwira pakamwa.

"Mayo! Mutu wayamba kusokonekera."

"Mutu wawo uli bwino kuposa wathu tonse. Sakufuna kudya chifukwa sakufuna kupita pandowa. Sakufuna kupita pandowa chifukwa wowakhazikapo ndine. Anamva zomwe munayankha tsiku lija, inu, kuti si za amuna. Kuyambira tsiku limenelo anatseka."

Kalaliki anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Ine sindinanene moipa. Ndimatanthauza kuti akazi ndi amene mumazidziwa zimenezi. Munalera ana."

"Bambo anu si mwana. Vuto lake ndi limenelo."

"Chabwino, chabwino. Tipeze munthu wina wamwamuna, azibwera m'mawa ndi madzulo."

"Wamwamuna alipo kale m'nyumba muno. Amadya pano, amagona pano."

"Ine ndili ndi ntchito!"

"Ine makina ali pakhondewo ndi maluwa?"

Achemwali analowererapo. "Alamu, musamupanikize mlongo wanga. Mwana wamwamuna kuona umaliseche wa bambo ake? Zinayamba zachitika kuti?"

"Koma mkazi wa mwana wawo ndiye auone? Kapena inuyo, alamu, poti magazi ndi magazi? Ndowa ili kuseri kwa chitseko, sopo ali pawindo."

"Ine msana wanga mukuudziwa."

"Msana womwe umanyamula mapoto khumi kupita nawo kumsika? Tamverani, nonse awiri. Ine sindinakane kuwasamalira. Ndiphika, ndichapa, nditaya ndowa, sindinyansidwa nawo. Koma iwo sakufuna manja anga pathupi pawo, ndipo akulolera kufa. Mutu umodzi susenza denga. Ndasenza ndekha masabata anayi, taonani pomwe latigwera."

"Ndiye tingowamwetsa awa mokakamiza," anatero Achemwali akutulutsa botolo. "Zikatsegula zokha, manyaziwo adzawaiwala."

"Mukawatsegula m'mimba mokakamiza, ali ouma chonchi, mawa tikhala tikulandira anthu pamaliro. Ndipo akapulumuka, mwawachititsa chinthu chomwe akuchiopa kuposa imfa. Ikani pansi botololo."

Kalaliki anali atagwira mutu ndi manja onse awiri. Atalankhula, mawu ake anali ang'ono, opanda ukalaliki.

"Ine ndimaopa, mayi. Simukumvetsa. Munthu amene uja ndinkamuona ngati phiri. Akalowa m'nyumba tonse tinkaimirira. Ndikamuona ali chigonere, mwendo uli lende, ndimafuna kuthawa. Ndikamuvula ndiye ndidzamuyang'ana bwanji?"

Telala asanayankhe, kuchipinda kunamveka kugogoda. Inali kapu yachitsulo ikumenyedwa pachitsulo cha bedi. Onse atatu anapita, n'kuima pakhomo monga mwa chizolowezi.

"Iwe," anatero Aphunzitsi akuyang'ana Kalaliki. "Lowa."

Kalaliki anayang'ana mkazi wake, kenako mlongo wake. Palibe anamuthandiza. Analowa.

"Khala apa. Pabedi, osati pampando."

Anakhala m'mphepete, ngati bedilo likutentha.

"Ndamva zonse. Sindikukudzudzula. Agogo ako, bambo anga, sukuwakumbukira bwino, unali wamng'ono. Anagona chonchi miyezi isanu m'nyumba mwanga. Ukudziwa anawasamalira ndani? Amako. Ine ndinkaima pakhomo m'mawa, choko chili m'thumba, n'kufunsa kuti mwadzuka bwanji. Amako akandiitana ndinkayankha mawu omwewo unayankha iwe. Sunawapeke wekha. Unawamva kwa ine."

Aphunzitsi ananyambita milomo yawo yong'ambikayo.

"Mwezi womaliza anayamba kukana madzi. Kukana phala, kukana chilichonse. Tinkati ndi ukalamba, nthawi yawo yakwana. Ndinawaika m'manda ndikukhulupirira zimenezo, ndipo ndakhala ndikuzikhulupirira zaka makumi anayi. Ndazindikira sabata yathayi, ndili pabedi pano, kuti sunali ukalamba. Ankadikira ine."

Achemwali anatsamira felemu ya chitseko, botolo lili lende m'manja. Kalaliki ankayang'ana dzanja lakufa la bambo ake, lomwe linali pansalu pafupi ndi bondo lake. Analigwira. Kanali koyamba kuwakhudza chibwerereni kuchipatala.

"Ndimwa," anatero Aphunzitsi. "Koma chikabwera ndidzaitana iwe. Ngati ukudziwa kuti sudzabwera, usandipatse madzi. Undisiye momwemu."

Kalaliki anatola kapu ija n'kuitambasulira kukhomo osatembenuka.

"Mayi, madzi ofunda aja."

Loweruka m'mawa Telala anathamangira kwa namwino kukamuuza zomwe anapeza. Namwino anati poti sakusanza, awamwetse pang'onopang'ono koma kosalekeza, ndipo Lolemba m'mawa abwere nawo, zitheke zisatheke. Tsiku lonselo Kalaliki sanatuluke pakhomo. Ankawamwetsa madzi, kuwadyetsa papaya ndi supuni, theka n'kumathera pachibwano. Kusisita pamimba Telala ankamulangiza ataima kunja kwa chitseko, ndipo Aphunzitsi ankadandaula kuti mwana wawo ali ndi manja ngati akukanda ufa wa buledi. Koma dzuwa linalowa popanda kanthu. Mimba inali gwa chimodzimodzi, ndipo Telala anayamba kuopa kuti azindikira mochedwa. Anakapempha woyendetsa galimoto wapafupi kuti asazimitse foni yake.

Lamulungu m'mawa, atamwa kapu yofunda ndi mankhwala, Aphunzitsi anatsala okha m'chipinda. Telala anali kukhitchini, Kalaliki akutsuka m'kamwa panja. Kenako mawu anamveka, amphamvu kuposa masiku onse.

"Iwe! Fulumira!"

Kalaliki anataya mswachi. Anadutsa pabalaza thovu lili kukamwa, n'kulowa, n'kutseka chitseko. Telala anaima pakati pa nyumba manja ali pachifuwa. Munamveka kukoka kwa ndowa, kenako chete. Kenako mawu a mwamuna wake pafupi ndi chitseko.

"Mayi. Ndiyambire pati?"

"Vulani wotchi. Mkono wawo wakufawo muukoleke pakhosi panu, inu muwagwire m'chiuno. Mudzuke nawo limodzi, musawakoke. Mukawakhazika musawasiye, amapendekera kumanzere."

"Kenako?"

"Kenako mudikire. Zitenga nthawi ndipo ziwapweteka, musawathamangitse. Muzilankhula nawo."

"Ndizinena chiyani?"

"Chilichonse. Za mpira, za kuntchito kwanu. Chomwe chimawachititsa manyazi kwambiri ndi chete."

Anamva bedi likulira, mpweya wa anthu awiri ukulimbana ndi kulemera kwa thupi limodzi. Kenako mwamuna wake anayamba kufotokoza, mawu akudukaduka, za mlonda wa kuofesi kwawo yemwe anatsekera bwana m'chipinda cha mafayilo.

Telala anatenga dengu lopanda kanthu. Anayandikira chitseko n'kukweza mawu kuti amveke bwino m'katimo.

"Bambo, ine ndatuluka. Ndikupita kumsika, ndikachedwako. M'nyumba muno mwatsala awiri."

Anatseka chitseko chakunja mwamphamvu kuti amve kuti wapitadi. Kumsika analibe chokagula. Anangoyenda mpaka pamphambano, pomwe sakanamva kalikonse, n'kukhala pamwala, dengu lili pamiyendo, n'kulira.